Polemba mbiri ya phungu amene watisiya

Phungu akamwalira, mbiri yake imalembedwa mwachangu usiku wa pa siwa, ndipo mmawa wake imawerengedwa pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a chipani. Nthawi zambiri imadzaza ndi mawu akuti "anali munthu wa anthu", koma ntchito imene malemu anagwira mu Nyumba ya Malamulo siyimveka n'komwe. Anzake amene ankakhala naye pabenchi limodzi ndiwo ayenera kukonza zimenezi.

Yambani ndi zaka komanso dera. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa malire a madera akhala akusintha: pa chisankho cha 1994 panali mipando 177, kuyambira 1999 inali 193, ndipo mu 2025 inafika 229. Musalembe dzina la dera la lero pa munthu amene anapambana malire asanasinthe. Ngati anali wa Zomba Chisi kapena Zomba Likangala, lembani momwe deralo linkatchulidwira chaka chimenecho. Onaninso ngati analowa pa chisankho chachikulu kapena chapadera, komanso ngati anaima pa chipani kapena payekha. Kwa aphungu a nthawi ya chipani chimodzi chenjerani: ena sanavoteredwe, anachita kusankhidwa ndi Pulezidenti, choncho mawu oti "anapambana" angakhale bodza.

Malonso amasokoneza. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anapitiriza kukumana kuno ku Zomba mpaka 1994. Nyumba yatsopano ya ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2010. Phungu wa m'ma 1980 ankalankhulira m'nyumba yakale ya m'munsi mwa phiri lino.

Mtima wa mbiri yonse uli mu Hansard, buku limene mumalembedwa mawu onse olankhulidwa m'Nyumbamo. Mabuku akale mungawafufuze ku National Archives kuno ku Zomba kapena ku laibulale ya University of Malawi ku Chirunga. A posachedwa funsani ku ofesi ya Mlembi wa Nyumba ya Malamulo. Musawerenge zonse, mungatope pachabe. Funafunani mawu ake oyamba atangolumbira, mafunso amene ankafunsa nduna za mlatho, mjigo kapena chipatala cha kwawo, ndi zimene ananena pokambirana bajeti. Mafunso awiri kapena atatu okhala ndi tsiku lake amaposa tsamba lathunthu la matamando. Popeza zokambiranazo zimakhala m'Chingerezi, masulirani mosamala, ndipo musamuikire mawu amene sananene.

Makomiti musawaiwale. Phungu wofatsa, amene sankamveka pa wailesi, kawirikawiri ntchito yake imapezeka m'malipoti a komiti.

Pa chitukuko gwirani lilime. Mdadada wa sukulu womangidwa ndi ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'dera la phungu, si mphatso ya m'thumba mwa malemu. Nenani kuti anaulimbikira, osati anaumanga. Anthu a m'mudzimo amadziwa amene anaumba njerwa, ndipo akhala pomwepo akumva.

Ngati anasintha chipani kapena anagonja pa chisankho china, zilembeni m'chiganizo chimodzi, mopanda kunyoza. Kenaka perekani pepalalo kwa mwinimbumba aone mayina a makolo, mudzi, mfumu yaikulu ndi chiwerengero cha ana lisanapite kwa wowerenga.