Loweruka: masamba obooka a ku Dedza

Magetsi anazima mbandakucha, ndiye zophika zonse lero zinali pambaula. Cha m'ma 9 koloko azakhali anatulukira kuchokera ku Dedza atasenza thumba la bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Dimba lawo silidziwa feteleza kapena mankhwala opopera, amangothira manyowa a mbuzi basi. Masamba ake ngobookabooka, tizilombo tinalawako kale.

Ine ndimati ndizitaya obookawo, koma mwana wa achemwali, amene akuphunzira za kadyedwe ku Bunda, anandigwira dzanja. Akuti mbewu ikamalumidwa ndi tizilombo imapanga timichere todzitetezera, ma polyphenol, ndipo tikadya, timichereti timagwira ntchito ya ma antioxidant, kuchepetsa kuwonongeka kwa maselo m'thupi. Mbewu yodyetsedwa nitrogen wambiri, mchere wa m'feteleza wokulitsa masamba, imathamangira kukula, masamba aakulu obiriwira bwino, koma timichere timeneti timachepa. Anatchulanso kafukufuku wa mu 2014 wotsogoleredwa ndi yunivesite ya Newcastle ku England. Anaunika zotsatira za akafukufuku ena 343, n'kupeza kuti mbewu zolimidwa popanda feteleza wa m'sitolo ndi mankhwala zinali ndi ma antioxidant ena ochulukirapo ndi 18 mpaka 69 pa 100 alionse, komanso cadmium, chitsulo chapoizoni, wocheperako.

Nditafunsa ngati onse amavomereza, anaseka. A ku yunivesite ya Stanford ku America mu 2012 sanapeze kusiyana kwenikweni pa mavitamini. Komanso a Newcastle aja ankayeza zimene zili m'mbewu, osati thanzi la anthu odya. Ndinakonda kuti sanabise zimenezi.

Nkhani inakoma pamene nkhwani unafika pamoto. Azakhali, monga mwa nthawi zonse, anatapa soda ndi nsonga ya supuni n'kuwaza m'poto. Madzi anachita thovu, masamba n'kufewa nthawi yomweyo, kubiriwira kwake kochita kuwala. Mtsikana uja anangogwira kukamwa.

"Azakhali, soda ameneyo akupha vitamini C yense amene mwavutika kunyamula kuchokera ku Dedza."

"Iwe mwanawe, agogo ako ankaphika ndi chidulo mpaka kukalamba, unawaona akudwala?"

Apa ndili mbali ya mwanayo. Timakangana za manyowa ndi feteleza, chonsecho zambiri zimatayikira m'poto: soda, kuwiritsa nthawi yaitali, kenako kukhetsa madzi amene michere yasungunukiramo. Ndiwo ya padimba labwino chotani ikaphikidwa choncho, phindu lija lachepa kale.

Madzulo ndinapita kumsika kukagula tomato. Tomato wina anali ndi kafumbi koyera ka mankhwala, woneneratu kuti anapopera posachedwa. Ndinasankha wina, komabe ndinamutsuka mokwanira. M'sitolo ina yaikulu m'tauni ndinaona kapaketi ka sipinachi kolembedwa "organic", kutanthauza wolimidwa popanda feteleza wa m'sitolo ndi mankhwala, mtengo wake wogula mipukutu ingapo ya bonongwe. Sindinagule. Chisoso chimamera chokha m'mbali mwa munda, ndipo mtengo wa malambe palibe anauthirapo feteleza, koma zipatso zake zili ndi vitamini C woposa wa malalanje. Ndinagula malambe a ufa, tinasungunula m'madzi ozizira ndi kashuga pang'ono.

Pa mgonero mtsikana uja anaphika yekha bonongwe: madzi pang'ono, tomato, anyezi, nsinjiro, mphindi zochepa n'kuphula. Azakhali anadya osayankhula, kenako anati pa bonongwe ndi nkhwani angathe kusiya soda, koma pa therere tisawauze zimenezo.