Tsiku la atachimenti m'minda ya mpunga ku Lifuwu

Lachitatu, mwezi wa Ogasiti.

Mwera unayamba usiku, ndipo pamene ndinkatuluka m'kachipinda komwe ndikuchita lendi, fumbi linali litakuta kale njira yopita ku sikimu ya mthirira ya Lifuwu, m'boma la Salima. Alangizi a zaulimi omwe akundiyang'anira pa atachimenti imeneyi, yomwe ndi nthawi yophunzira ntchito ndikadali pa sukulu, safuna kuti munthu azifika dzuwa litakwera, chifukwa amati mlimi wa mpunga amapezeka m'munda m'mamawa, ndipo wochedwa amakapeza madzi okha. Ndinavala jombo zanga, n'kutenga kope ndi tepi yoyezera, ndipo ndinawapeza ataima kale pa ngalande yaikulu akucheza ndi abambo awiri a m'komiti ya madzi.

Tisanayambe n'komwe ntchito yomwe tinakonza dzulo, kunabwera mayi wina wachikulire kudzatiitana kuti tikaone munda wake, womwe mpunga wake unali utayamba chikasu ngakhale anathira fetereza sabata yatha. Titafika, Alangizi anangoima pa mzere wa munda napinda manja, n'kundiuza kuti, "Mwanangu, wodwala ndi uyu, dokotala ndinu." Ndinalowa m'matope, ndinazula phando limodzi n'kutsuka mizu yake m'madzi. Mizu inali yoyera bwino, yopanda fungo la kuola, ndipo sindinapeze kachirombo kalikonse mu tsinde. Masamba akale a m'munsi ndiwo anali achikasu kuyambira kunsonga, pomwe atsopano anali obiriwira pang'ono, zomwe zimaonetsa kuti mbewu ikusowa nayitirojeni, chakudya cha mbewu chomwe chimapezeka mu fetereza wa Urea. Ndinawafunsa mayiwo momwe anathirira Urea wawo, ndipo anandiuza kuti anamwaza tsiku lomwe madzi ankadutsa m'munda mwawo kupita kwa oyandikana nawo. Apo nkhani inamveka yokha. Urea amasungunuka msanga, choncho akamwazidwa m'madzi oyenda amapita nawo, ndipo amene anapindula ndi ndalama ya mayiwo ndi mwini munda wa kumunsi. Ndinawafotokozera kuti ulendo wina atseke kaye polowera ndi potulukira madzi, asiye madzi ochepa chabe, kenako amwaze, ndipo asatsegule mpaka patapita masiku angapo.

Mayiwo anamvetsera, koma anatembenukira kwa Alangizi kuti amve ngati zomwe wanena mwana wa sukuluyu zili zoona. Alangizi anangoti, "Mwamva zomwe anena aphunzitsiwa, mayi, chitani zomwezo." Sanawonjezerepo kanthu. Tili m'njira anandiuza kuti ndinaiwala kufunsa ngati mayiwo ali ndi fetereza wina wotsala, chifukwa langizo lomwe munthu sangathe kulitsata limangomuwonjezera nkhawa. Ndinaona kuti iwo anasankha dala kundiuza zimenezi tili awiri, osati pamaso pa mlimi, ndipo ndinawathokoza kwambiri mumtima mwanga.

Ntchito yeniyeni ya lero inali pa munda wachitsanzo, pomwe tikuwokera mpunga motsata njira yochulukitsa zokolola za mpunga yotchedwa SRI, yomwe inayambira ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980. Njira imeneyi imafuna kuti mbande ziwokedwe zisanakwanitse masabata awiri, mbande imodzi pa phando, motalikana masentimita 25 mbali zonse, ndiponso kuti munda usamakhale ndi madzi odikha nthawi zonse. Tinamanga mfundo pa chingwe kuti mizere iwongoke, ndipo anyamata awiri ankachikoka uku ndi uku pomwe ife tinkabwerera chambuyo tikuwoka. Mbande za msinkhu umenewo n'zanthete kwambiri moti umazigwira ndi zala ziwiri zokha, ndi dothi lake lomwe, kuopa kudula mizu. M'kalasi tinaphunzira bwino kuti njira imeneyi imapulumutsa mbewu ndi madzi komanso imachulukitsa mphukira, ndipo ndinkafotokoza zimenezo ndi mtima wonse. Bambo wina yemwe anakhala chete nthawi yonseyi anadzuka n'kunena kuti, "Chingwe chanucho n'chabwino, mwanangu, koma aganyu owoka motere adzandilipirira ndani? Nanga udzu womwe umamera munda ukapanda madzi adzapalira ndani?" Funso limeneli silinabwerepo pa mayeso alionse omwe ndalemba, koma ndilo lomwe limagamula ngati mlimi atsate njira yatsopano kapena ayi. Ndinalemba m'kope kuti ndiwerengere mtengo wa aganyu pa munda wachitsanzowu ndi kuuyerekeza ndi wa munda wowokedwa mwa chizolowezi, ndipo Alangizi avomera kuti zimenezo zikhale mbali ya lipoti langa.

Ndaphunziranso chifukwa chake alimi kuno sadzala Kilombero ndi Faya m'nyengo ino, ngakhale ndiwo mpunga wa fungo womwe ogula a ku Lilongwe amaufuna kwambiri. Mitundu imeneyo imatenga nthawi yaitali ndipo imayanjana ndi dzinja, choncho pa ulimi wa mthirira anthu amakonda mitundu yocha msanga monga Pussa. Potuluka m'munda tinasamba miyendo pa mjigo osati mu ngalande, chifukwa m'madzi oyenda pang'onopang'ono mumakhala nkhono zofalitsa likodzo.

Masana ndinakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka pa mseu wa tala wochokera ku Senga Bay, kenako galimoto yopita ku Kamuzu Road, malo a malonda a ku Salima, komwe ndinkafuna kukasindikiza gawo loyamba la lipoti. Kumeneko ndinakumana ndi anzanga awiri omwe nawonso ali pa atachimenti m'boma lino, ndipo zomwe anandiuza tikudya chipisi ndizo zandichititsa kulemba zambiri usiku uno.

Woyamba akuphunzira zowerengera ndalama ndipo anapeza malo pa ofesi ina pa boma pomwepo. Chifikireni ntchito yake ndi kupanga fotokope, kusanja mafayilo akale ndi kukagulira akuluakulu chakudya cha masana. Kompyuta yomwe muli mabuku a ndalama saloledwa kuigwira, ndipo palibe amene anamukhazika pansi kumuonetsa momwe voucher, chikalata cholipirira, imayendera kuchokera pa tebulo loyamba mpaka ndalama kutuluka. Anandionetsa logbook yake, buku lolembamo ntchito za tsiku lililonse, ndipo masamba ake anali ndi mawu amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Sakwiya ndi ntchito zazing'onozo, pakuti aliyense amayambira pansi, koma akuopa kuti adzabwerera ku koleji ndi siginecha ndi chidindo popanda luso lililonse, pomwe makolo ake ku Dowa anagulitsa mbuzi kuti iye alipire lendi kuno. Ine ndikuona kuti ofesi yomwe ilibe munthu woti aphunzitse mwana wa sukulu ikanachita bwino kukana poyamba pomwe, chifukwa kumulandira n'kumupatsa mpando wokha ndi kumudyera nthawi yomwe sadzaipezanso. Kusiyana kwa iye ndi ine sikuli pa nzeru kapena khama. Ine ndinapatsidwa munthu woti ndizimutsatira ndipo munthuyo anavomera udindowo.

Mnzanga wachiwiri akuphunzira zosamalira alendo ndipo ali pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Iye ntchito akuiphunzira ndithu, kuyambira kulandira alendo mpaka kuwerengera katundu wa m'khitchini, koma amagwira kuchokera m'mawa mpaka usiku ngati wolembedwa ntchito, popanda kangachepe kalikonse ka sopo kapena thiransipoti. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi chomwe ananena motsitsa mawu, kuti bambo yemwe adzasaine fomu yake ya malikisi wayamba kumutumizira mauthenga usiku pa WhatsApp, omuitana kuti akacheze kwina. Wakhala akungokhala chete chifukwa malikisi a atachimenti amawerengedwa pa digiri, ndipo akudziwa kuti cholembera chili m'manja mwa bamboyo. Ndinamukumbutsa kuti dziko lino lili ndi lamulo la Gender Equality Act la 2013, lomwe limaletsa nkhanza zotere pa malo a ntchito, ndipo ndinamupempha kuti asafufute uthenga ndi umodzi womwe. Ananena kuti lamulolo akulidziwa, koma sakudziwa woti amuuze popanda kutaya malo. Apa ndi pomwe ndikuona kuti makoleji athu ali ndi ntchito yoti agwire, chifukwa kupereka kalata yopemphera malo n'kudzabwera kamodzi kudzayesa wophunzira sikokwanira. Pafunika mphunzitsi wodziwika yemwe wophunzira angamuimbire zinthu zikavuta, komanso njira yosinthira malo popanda kulephera chaka.

Wina angafunse chifukwa chake anzangawa sakungochoka n'kukafuna malo ena. Salima ali ndi malo ophunzirirapo ntchito ndithu: kuno ku Lifuwu ndi ku Chitala kuli malo a kafukufuku wa zaulimi, ku Nanjoka kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 60 omwe anayamba ntchito mu 2021, kuli fakitale ya shuga, kuli doko la Chipoka, ndiponso malo ogona alendo ali mbwee ku Senga Bay. Koma ofuna malowo ndi ochuluka, ochokera ku mayunivesite a LUANAR, MUBAS, MUST, Mzuni, UNIMA, makoleji omwe si a boma ndi sukulu za ntchito zamanja, ndipo ambiri amatuluka nthawi zoyandikana. Amene ali ndi amalume pa ofesi ina amapeza malo msanga, pomwe mwana wa kumudzi amayenda ndi kalata yake khomo ndi khomo. Akapeza, amagwiritsitsa ngakhale malowo akhale otani. Pulogalamu ya boma yopezera achinyamata malo ophunzirira ntchito, yomwe inayamba mu 2018, imapereka kangachepe, koma imatenga omwe anamaliza kale maphunziro, choncho ife omwe tikadali pa sukulu lendi, ufa, makala ndi thiransipoti zonse zimachokera m'thumba la makolo.

Tisanasiyane tinagwirizana zinthu ziwiri. Mnzanga wa zowerengera ndalama akapempha mwaulemu kwa akuluakulu ake kuti azikhala pambali pa wolemba mabuku kwa ola limodzi tsiku lililonse, ndipo akalephera, ndamulonjeza kuti ndifunsa Alangizi ngati komiti ya madzi ingamulole kuthandiza pa kaundula wa zopereka za alimi, yemwe akufunikadi munthu wodziwa manambala. Mnzanga winayo wavomera kuti mawa madzulo tiimbire limodzi mphunzitsi wamkazi wa ku dipatimenti yawo yemwe amamukhulupirira, ndipo ndikakhala naye pamene akuimba.

Ndafika kunyumba kutada, ndalemba logbook, ndipo ndaikamo funso la bambo wa aganyu uja monga momwe analinenera. Mawa m'mawa tikayeza madzi omwe akufika ku minda ya kumapeto kwa ngalande, komwe alimi akudandaula kuti tsiku lawo likafika madzi amabwera ochepa. Alangizi andiuza kuti ndibweretse botolo lopanda kanthu loti tikaliyandamitse pa mtunda wa mamita 10, ndi foni yochajidwa bwino yowerengera masekondi, kuti tidziwe liwiro la madzi.