Za ulendo wathu wa ku Zomba ndi ana a Fomu 4

Tinanyamuka pa tchalitchi Loweruka 5 koloko m'mawa, anthu 26: achinyamata 21 amene alemba MSCE, alangizi anayi ndi adalaivala. Tinkafuna kuti mafunso otsutsa chikhulupiriro amene amamveka kukoleji awamve tikadali nawo pafupi.

Pa Lizulu amayi a komiti ya zakudya anagula ndowa ziwiri za mbatata ya kachewere ndi dengu la tomato, ngakhale asungichuma anakumbutsa katatu kuti pa bajeti panalibe. Inatipulumutsa ndi mbatata yomweyo.

Titawoloka Shire pa Liwonde n'kuyamba kukwera mapiri a Machinga, kositala inayamba kufuka nthunzi. Lamba wa fani anali ataduka, ndipo lamba ameneyu akaduka pampu siyendetsanso madzi, injini imawira. Adalaivala anazimitsa pomwepo n'kuletsa aliyense kukhudza chivindikiro cha radiyeta, poti ikatentha madzi amatuluka mwamphamvu n'kukuwotcha kumaso. Tinadikira mphindi 40. Lamba wina anali naye pansi pa mpando, koma sipanala ya 13 tinachita kubwereka kwa adalaivala a lole. Pothira madzi, mnyamata wathu woimba besi anabwera ndi chigubu cha malita asanu, n'kuchitsegula, n'kuchipendeketsa. Amayi a komiti anakuwa kuchokera pawindo: "Mwanawe, ndi thobwa limenelo!" Zigubu zonse zinali zachikasu. 

Ku Zomba tinafika 1 koloko, nthawi yophika nsima itatha. Amayi anakazinga mbatata ija m'mapoto awiri, ophunzira a pa yunivesite ya ku Chirunga amene anatilandira n'kusenda nawo, ndipo asungichuma anawonjezera kawiri.

Maphunziro anachitikira mu holo ya mpingo. Ana anagawidwa m'magulu atatu a anthu 7, gulu lililonse ndi wophunzira mmodzi wosewera ngati wotsutsa kwa mphindi 15. Funso linali lakuti: "Chikhristu si chipembedzo cha azungu, chimene anabwera nacho atsamunda?" Ana athu anaponya mavesi oloweza, ena kukweza mawu. Wotsutsa anangoti Baibulo salikhulupirira, onse ziii. Vesi silimugwira munthu amene sanavomereze bukulo.

Poyeserera kachiwiri, otsogolera maphunzirowo anawauza ana kuti ayambe ndi kufunsa: "Mukutanthauza chiyani? Mwazimva kuti?" Kenako avomereze choona, chifukwa amishoni ena anadyeradi limodzi ndi atsamunda, ndipo kukana zimenezi n'kudzichotsera ulemu. Akatero ndiye atchule mbiri: nduna ya ku Ethiopia pa Machitidwe 8, Athanasius wa ku Alexandria, Augustine amene anabadwa mu 354 m'dera la Algeria wa lero, ndi John Chilembwe, m'busa amene anaukira atsamunda mu 1915. Chimene sakuchidziwa anene kuti "ndikafufuze", n'kubwereradi ndi yankho. Anatsindika mapeto a 1 Petro 3:15, pamene pakunena za kuyankha mofatsa ndi mwaulemu. Mtsikana wathu wina wosayankhulayankhula ndiye anamufunsa wotsutsa kumene anawerenga zimenezo, gulu lonse n'kuwomba m'manja.

Tikuthokoza abusa potipempherera mdima usanachoke, amayi a Chigwirizano chifukwa cha thobwa, makolo amene anasonkha, ophunzira amene anasiya mabuku mayeso ali pafupi, ndi adalaivala a lole aja, amene sitinawafunse n'komwe dzina. Mafunso awiri amene nthawi inatithera, la chisinthiko cha zamoyo ndi lakuti Mulungu amaloleranji mavuto, tiwakambirana Lamlungu likudzali tikatuluka m'mapemphero. Aliyense abwere ndi kope. Zigubu tazilemba kale ndi penti.