404 ya bambo yapeza mphamvu, injini ndi yomwe ija

Amalume anga a ku Mufakose, kuno ku Harare, akhala akundinong'oneza chaka chonse: "Mphwanga, chotsa chiinjini chokalambacho, uike cha Toyota, upume." Ndakana, ndipo ndikanabe.

Galimotoyi ndi Peugeot 404 imene bambo anatisiyira. Anaigula ndi ndalama za ku njanji tikukhala ku Rugare, ndipo nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ndi iyo inatitengera kumudzi ku Dedza kudzera pa Nyamapanda ndi Tete. Injini yake ndi ya masilinda 4, ya 1618 cc, giya ili pambali pa chiwongolero. Mtundu umenewu unapambana mpikisano wa magalimoto wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Sinali galimoto yaulesi. Koma yathu inafika pomatsokomola m'mawa, kufuka utsi wakuda, ndipo pa chitunda cha Christmas Pass ku Mutare inkakwera mowefuka.

Ndinayambira ku moto wa mapulagi. Mapointi, tizitsulo ta mu disitiributa totsegula ndi kutseka magetsi a motowo, amadyeka, mpata wake umasintha, ndiye moto umafika nthawi yolakwika. Ndinaikamo kachipangizo ka magetsi kolowa m'malo mwa mapointi ndi kondensa. Kamakhala pansi pa chivindikiro, moti mukatsegula boneti simuona chachilendo. Tsopano imalira kamodzi n'kamodzi, ngakhale m'mawa wa mu June.

Chimene chinanditengera nthawi ndi kabuleta ya Solex, imene imasakaniza petulo ndi mpweya. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya kuno ndi wopepuka, ndiye kabuleta yochunidwa ngati ya kugombe la nyanja imamwetsa injini petulo wambiri kuposa mpweya umene ikupeza. Mapulagi anga ankatuluka akuda bii. Komanso majeti, timabowo todutsa petulo mu kabuleta, anali atakula chifukwa cha anthu amene ankawatokosa ndi waya. Mkulu wina wa ku Magaba, ku Mbare, amene anakonzapo ma 404 ambirimbiri nthawi imene ankanyamula anthu ngati mataxi, anakhala nane Loweruka ziwiri. Tinkasintha jeti, n'kuyendetsa mpaka ku Norton, n'kubwerera, n'kumasula pulagi kuona mtundu wake. Itatuluka yofiirira ngati tiyi wamkaka anati, "Basi mwanawe, usaigwirenso." Ine ntchito yotereyi imandikomera kuposa kugula chinthu chatsopano, chifukwa munthu umamva ndi khutu injini ikusintha kapumidwe.

Kuyambira 2013 petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amadya labala wakale. Mapaipi onse a petulo ndi kachikopa ka mu pampu ndinasintha, n'kuika zopirira. Ladiyeta sindinataye, anangoisintha zam'kati, mathanki ake akale n'kuwabwezera.

Palibe pamene ndinadula kapena kuboola. Mapointi, majeti ndi zina zonse zimene ndinachotsa zili m'chitini cha mabisiketi, chilichonse m'kapepala kake kolembedwa. Mwana wanga akadzafuna kuibwezera mmene inachokera ku fakitale, adzatero masana amodzi.

Lamlungu lapitali ndinawatenga amalume kuchokera ku tchalitchi. Tili pa msewu wa ku Bulawayo ndinaponda pang'ono, iwo anangokhala chete, khutu lili ku boneti. Kenako anati, "Ikulira ngati nthawi ya mlamu wanga." Za Toyota sanazitchule. Anangofunsa kuti mabuleki ndiwaona liti, ndipo akunena zoona, chifukwa ikumakokera kumanzere ndikawaponda mwamphamvu. Imeneyo ndi ntchito ya mwezi wamawa.