Mphamvu za MGB zimathawira mu distributor

Aliyense amene wasuzumira pansi pa boneti ya MGB yanga ya 1969, galimoto yakale ya ku Britain, amandilangiza zofanana: chotsani makabureta (zosakaniza petulo ndi mpweya) awiri a SU awa, muikepo Weber 45 DCOE, galimoto iuluke. Weber ndi kabureta yabwino ndithu, ndipo kulira kwake kumakoma. Koma mukaimangirira pa injini yotopa, chimene chimawonjezeka ndi phokoso ndi ludzu la petulo basi.

Galimotozi zikutuluka ku fakitale ya Abingdon ku England, injini yake ya B-series ya 1798cc inkapereka horsepower pafupifupi 95. Zambiri zimene zikuyenda lero sizifika pamenepo. Ndiye ine ndimayamba ndi kubweza mphamvu zimene zinatayika ndisanaganize zogula zatsopano.

Choyamba ndi kuyeza compression (kupanikiza kwa mpweya m'masilinda), injini ili yotentha, mapulagi onse atachotsedwa, moto mutauponda mpaka pansi. Masilinda anayiwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Imodzi ikatsalira, thiranimo oilo pang'ono muyezenso: nambala ikakwera ndiye kuti maring'i atha, ikapanda kusuntha kayang'aneni ma valve. Mpata wa ma valve ndi 0.015 ya inchi injini ili yozizira. Imeneyi ndi ntchito ya sipana ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), yosachedwa.

Pamene pamabisala vuto lenileni ndi mu distributor ya Lucas 25D, chipangizo chogawa moto ku mapulagi. M'kati mwake muli tizitsulo tiwiri tolemera togwiridwa ndi timasipuling'i. Injini ikamathamanga, tizitsuloti timatambasuka n'kuchititsa kuti moto wa pulagi ubwere msanga, chifukwa petulo amafuna nthawi kuti apse pomwe pisitoni sikudikira. Patatha zaka zoposa makumi asanu, timasipuling'i timalobodoka, shafti imagwedera, ndipo kachikopa ka vacuum kamang'ambika. Anthu ambiri amatchera taiming'i (nthawi yobwera moto wa pulagi) injini ikulira pang'onopang'ono, n'kutseka boneti ali okhutira. Komatu galimoto siyendera pamenepo! Tengani nyali ya taiming'i, chotsani kapaipi ka vacuum, kwezani ma rev (kuzungulira kwa injini pa mphindi) mpaka cha m'ma 3,500. Chizindikiro cha taiming'i cha pa pule ya injini chiyenera kuyenda mosadumpha n'kukaima pafupi ndi madigiri 32. Chikamavinavina, distributor ikufunika kumangidwanso. Mukapitirizanso muyeso mudzamva paphiri, muli mu giya yayikulu, injini ikulira ngati misomali m'chitini. Zikatero bwezani msanga, pisitoni isanabooke.

Kaya muikemo electronic ignition m'malo mwa mapointi (tizitsulo todula magetsi mu distributor), ine sinditsutsa, yanganso ili nayo. Koma siwonjezera mphamvu, imangothandiza kuti taiming'i isamasunthe. Mukailowetsa mu distributor yakutha, matenda aja amakhala ali pompo.

Makabureta amabwera pambuyo pa zonsezi, ngakhale manja amayabwa kuyambira pa iwo. SU ndi chipangizo chosavuta: pisitoni ya m'kati mwake imakwera malinga ndi mpweya umene injini ikukoka, n'kutulutsa singano mu jeti, kabowo kotulukira petulo. Singano ndi jeti zimaperepeseka, ndipo kamtengo ka throttle (kachitseko kolowetsa mpweya) kakatha kamalowetsa mpweya wakuba m'mbali, moti mungapotokole masikuluu mpaka dzuwa kulowa osapeza mtendere. Zikakonzedwa, thirani oilo mu dashpot (kamphika ka pamwamba pa kabureta), kenako mvetserani makabureta onse awiri ndi kapaipi kukhutu mpaka kupuma kwawo kufanane. Pansi pa kabureta iliyonse pali kapini kokwezera pisitoni. Mukakakankha pang'ono, ma rev akwere pang'ono n'kubwerera. Akangokwererakwerera petulo wachuluka, injini ikafuna kuzima wachepa. Ndipo mukasintha zosefera mpweya n'kuika zopuma kwambiri, singanonso isinthe, apo ayi injini izilandira petulo wochepa n'kumatentha.

Ndalama zikapezeka, zanga zimapita ku hedi, chivundikiro cha masilinda mokhala ma valve. Hedi ya B-series ili ndi njira zisanu zokha: ziwiri zolowera, zitatu zotulukira. Silinda 1 ndi 2 zimagawana njira imodzi, 3 ndi 4 chimodzimodzi. Apa ndi pamene injiniyi imabanikira, ndipo katswiri wosalaza njirazi ndi kukonza pokhalira ma valve amatulutsa mphamvu zimene mumazimva pa liwiro lililonse. Hedi ikangochoka, ikitsaninso mipando yolimba ya ma valve a ekizozi, popeza injinizi zinapangidwira petulo wa mtovu amene anasiya kugulitsidwa. Manifold ya ekizozi (mapaipi otulutsa utsi pa hedi) yachitsulo ya chiyambi musaifulumirire kutaya, imapuma bwino kuposa mmene imaonekera.

Camshaft (shafti yotsegula ma valve) yaukali ine ndinaikana. Imakupatsani mphamvu kumtunda kwa ma rev n'kukulandani kumunsi, pomwe kukoma kwa MGB ndi kukoka kwake pochoka pa kona mu giya yachitatu. Ya chiyambiyo ndimangoisamala ndi oilo wa 20W-50 wokhala ndi zinc wokwanira.

Amene muli ndi MGB yopangidwira msika wa ku America kuyambira 1975, nkhani yanu ndi ina. Zimenezo zinabwera ndi kabureta imodzi ya Zenith-Stromberg chifukwa cha malamulo a utsi, ndipo mphamvu zinatsika kufika cha m'ma 60. Ngati malamulo a kumene mukukhala akulola, bwezeranipo ma SU awiri ndi manifold yakale, koma distributor nayo isinthidwe kuti igwirizane nazo.