Zaka 5 tikukonza makompyuta, ndi kompyuta imene inatsala pang'ono kutitseketsa shopu

Mwezi uno shopu yathu yokonza makompyuta yakwanitsa zaka 5. Tinayamba mu 2020 pakhonde la amalume ku Chilenje mu Lusaka, ndi tebulo limodzi komanso zida zokwana m'chikwama chimene ndinabwera nacho kuchokera ku Katete. Lero tili ndi chipinda chathuchathu pa Kamwala ndi anyamata awiri amene ndawaphunzitsa ndekha. M'mawa uliwonse ndikamatsekula chitseko, mtima umadzaza.

Koma mu Okutobala 2022 ndinaganiza kuti zonse zatha.

Kunabwera bambo wina wojambula makanema a maukwati atanyamula kompyuta ngati mwana wodwala. Inali ndi purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel Core i7 ya m'badwo wa 12 ndi choziziritsira cha madzi, chija timangoti AIO, cha radiyeta ya mamilimita 240. Akangoyamba kulumikiza kanema, kutentha kunkakwera mpaka madigiri 100, pomwe purosesayi imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndipo nthawi zina makinawo ankangozima. "Achimwene, mkwatibwi akudikira kanema wake Loweruka. Ndithandizeni," anatero. Ndinawayankha kuti, "Bambo, musadandaule, Lachitatu mudzaitenga."

Ndinapemerera fumbi mu radiyeta, ndinapaka thermal paste yatsopano (phala lopaka pakati pa purosesa ndi choziziritsira kuti kutentha kudutse), osasintha. Ndinagamula kuti pampu yoyendetsa madzi yafa. Ndalama yogulira choziziritsira china panalibe, choncho ndinatenga kaloba. Amene anandibwereketsawo akudziwa okha chiwongoladzanja chimene anandiikira, ndipo ankafika pashopu tsiku lisanakwane, makasitomala akuona. Amene anandigulitsa choziziritsira chatsopano m'tauni analumbira kuti katundu wake amakwana pa purosesa iliyonse ya Intel. Nditamanga, madigiri 100 omwe aja. Nditabwerera naye anati chotsekulidwa sichibwezedwa. Mpaka lero sitigulako ngakhale waya.

Loweruka linadutsa. Bambo aja anabweza theka la ndalama kwa eni ukwati, ndipo sanandikalipire. Anangoti, "Ndinakukhulupirirani." Mawuwo anandipweteka kuposa ngongole.

Usiku womwewo amalume anandipeza nditakhala chete, nsima osaigwira. Anati, "Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Wayang'anitsitsa, kapena wangosinthasintha zinthu?" M'mawa ndinamasula choziziritsiracho pang'onopang'ono, osapukuta kanthu. Ndinachitembenuza pawindo. Paste inali itaphwanyika mbali imodzi yokha, pakati ili chiunjikire ngati mmene ndinaidonthezera. Mkuwa wa choziziritsira sunkakanikiza purosesa bwinobwino.

Chifukwa chake n'chakuti Intel itatulutsa soketi (malo okhazikapo purosesa) ya LGA1700 kumapeto kwa 2021, purosesa inakhala motsikirako kuyerekeza ndi pa soketi yakale ya LGA1200. Kusiyanako sikupitirira milimita imodzi, koma tizitsulo tokhazikapo choziziritsira, ma standoff, ta soketi yakale timatalika. Ma motherboard ena, mabolodi omangapo zida zonse za kompyuta, ali ndi mabowo a mitundu yonse iwiri, ndiye munthu umamanga zonse n'kuoneka zakhala bwino. Amene anamanga kompyutayo poyamba anagwiritsa ntchito takale, ndipo bokosi limene ndinagula linali la katundu wakale, lopanda ta LGA1700. Pampu yoyamba ija inali yamoyo. Titapeza tizitsulo toyenera, kanema yemwe uja anatha popanda kuzima ngakhale kamodzi. Bambo aja sindinawalipiritse, ndipo kaloba ndinamaliza kubweza patatha miyezi inayi.

Kuyambira pamenepo, kompyuta yotentha ikafika kuno sitithamangira kugulitsa munthu chatsopano. Timalowa mu BIOS, pulogalamu yoyambitsa kompyuta, kuona ngati pampu ikuzungulira, chifukwa kawirikawiri waya wake umakhala utalumikizidwa polakwika kapena liwiro lake litachepetsedwa pamodzi ndi la mafani. Kenako timagwira mapaipi ndi dzanja makina akugwira ntchito yolemetsa. Purosesa ikamawotcha koma radiyeta ili zii, kutenthako sikukufika kumeneko: mwina madzi sakuyenda, mwina mkuwa sukugunda. Radiyeta ikamatentha kwambiri, vuto ndi mpweya wosadutsa bwino, ndipo fumbi la Lusaka la mu Ogasiti ndi Seputembala limamata timipata take ngati bulangeti. Tawonaponso kangapo kapulasitiki kakufakitale kali chimatire pamkuwa, ndipo mwiniwake akungodabwa. AIO ina imalira ngati madzi m'botolo chifukwa pampu inaikidwa pamwamba kuposa radiyeta, mpweya n'kuunjikana mu pampumo. Ndipo AIO imakalamba. Madzi amachepa pang'onopang'ono zaka zikamapita, ndiye ikafika pamenepo timakuuzani zoona kuti yatha. Ambiri, kunena mosabisa, choziziritsira chabwino cha mafani chokha chimawakwanira, ndipo timawauza choncho ngakhale phindu lathu lichepe.

Ndikuthokoza amalume ndi azakhali ku Chilenje, amene anandisunga zaka ziwiri osandiwerengera mbale. Amayi kumudzi, mapemphero anu ndimawamva kuno. Mkazi wanga, amene anagulitsa zitenje zake zina kuti lendi ya shopu isadumphe mu 2024, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambirimbiri, Mulungu akudalitseni mayi. Anyamata anga awiri, amene ankabwera usiku magetsi akayaka kuti ntchito za anthu zisagone. Amayi ogulitsa nsima pafupi nafe, amene anatidyetsa pangongole osatopa. Anzathu a kutchalitchi, ophunzira a ku UNZA ndi ku Evelyn Hone amene mumauzana za ife, ndi inu bambo wamakanema, amene munabweranso ndi anzanu atatu: zikomo kwambiri.

Okutobala ali pafupi. Ngati kompyuta yanu ikulira mafani mosalekeza, ikuchedwa mukamasewera gemu kapena kukonza makanema, kapena ikuzima yokha masana, bweretsani isanafike poipa. Mwezi wonse uno kuyeza kutentha ndi kwaulere, ndipo kuyeretsa radiyeta ndi kusintha paste tatsitsa mtengo. Tili ndi tizitsulo ta LGA1700 ndi ta AM5 (soketi ya mapurosesa a AMD), timamanga makompyuta atsopano, komanso timakonza ma laputopu. Timamasula choziziritsira inu mukuona, kuti chidindo cha paste mudzionere nokha tisanakambe za ndalama. Timatsekula Lolemba mpaka Loweruka.