Loweruka ku manda a Church Street, Pretoria

Lero masana, titaweruka kuntchito, alamu anga ananditengera ku manda akale a Church Street kuno ku Pretoria, kumene tinaima kwa nthawi yaitali pa chiliza cha Harry Morant ndi Peter Handcock, asilikali awiri amene anaikidwa m'manda amodzi atawomberedwa m'mamawa wa pa 27 February 1902.

Awiriwa anachokera ku Australia kudzamenya nkhondo kumbali ya Britain polimbana ndi Mabunu, ndipo anali akuluakulu m'gulu la apakavalo la Bushveldt Carbineers, kumpoto kwa Transvaal. Zinthu zinasokonekera mu August 1901, Kaputeni Percy Hunt, bwenzi la Morant, ataphedwa pankhondo. Kuchokera pamenepo Morant anayamba kulamula kuti Mabunu ogwidwa aziwomberedwa: poyamba Floris Visser, amene anali wovulala kale, kenaka amuna 8 amene anali m'manja mwawo opanda zida, pomaliza bambo wina ndi ana ake aamuna awiri. Chimene chinandikhudza n'chakuti amene anaulula nkhaniyi sanali adani, koma asilikali anzawo 15 amene analembera kalata akuluakulu awo.

Khoti la asilikali linayamba kuzenga mlanduwu ku Pietersburg, kumene lero timati Polokwane, mu January 1902. Loya wawo, Major James Thomas, anaumirira kuti iwo ankangotsatira lamulo lapakamwa lochokera kwa Lord Kitchener, mkulu wa asilikali a Britain pankhondoyo, loti asamasunge akaidi, koma khoti linawapeza olakwa, ndipo Kitchener yemweyo ndiye anavomereza kuti aphedwe. Mnzawo George Witton, amenenso anaweruzidwa kuti aphedwe, anasinthiridwa chilango n'kukhala ndende, ndipo anatuluka mu 1904.

Alamu anati kwa ine, “Alamu, awa anangowapereka nsembe kuti akuluakulu ayere m'manja.” Mwina n'zoona kuti ena anapulumuka osayenera, koma ine ndinawayankha kuti munthu amene waponya mfuti pansi n'kukweza manja salinso mdani, ngakhale lamulo litachokera kwa yani.

Pobwerera tinakambirana za m'busa Daniel Heese, amene anaona akaidi 8 aja ndipo tsiku lomwelo anawomberedwa panjira. Pa mlandu umenewu Morant ndi Handcock anapezeka osalakwa. Munthu wakuda amene ankayendetsa ngolo ya m'busayo anaphedwanso, ndipo ndi iyeyo amene ndakhala ndikumuganizira chifikire kunyumba madzulo ano.